Aliyense Pamzere Wake

Amene anamudziwa Morton Nakhumwa m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira bambo wotsimphina, wezulo ili m'khosi, akukalipira anyamata pabwalo la mpira la esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Mulanje Boma. Timu imeneyo anaiphunzitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo anyamata ake atatu anakasewera m'matimu akuluakulu ku Blantyre. Koma musanyengedwe, ukochiwo sanachite kuufuna. Anagweramo, ndipo amene anamukankhiramo sankadziwa n'komwe kuti timu imakhala ya anthu angati.

Morton anabadwira m'nyumba za kampani. Bambo ake anachokera ku Mozambique kudzathyola tiyi, moti banjalo linalibe munda kapena mudzi woti n'kulozako chala. Mkazi wake Janeti nayenso anali mwana wa pa esiteti pomwepo, ndiye ngakhale kuchikamwini kunalibe.

Mpira anayamba ndi wachikulunga, ndipo pofika 1967 anali winga wa timu ya esiteti. Kunena chilungamo, mwanayo ankautha mpira. Matenda ake anali kuumira. Akaugwira, basi iwalani, ankafuna adyetse njomba timu yonse, kenako abwerere akamudyetsenso goloboyi kachiwiri. Anthu ankamukonda choncho. Chifukwa cha miyendo imeneyo kampani inamuchotsa m'munda n'kumupatsa umesenjala wa panjinga, komanso nyumba ya zipinda ziwiri yoyang'anizana ndi bwalo.

Paja tsoka silinunkha. Mu Ogasiti 1974 ankasewera ndi timu ya ku Likhubula, ya anyamata osenza matabwa kuchokera m'phiri, ndipo mmodzi anamugwera pabondo ndi thupi lonse. Kuchipatala anamuika chikhakha, koma atachichotsa mwendowo sunapindikenso. Mpira unathera pamenepo, njinganso chimodzimodzi.

Kumayambiriro kwa Disembala a Pilato, kalaliki wamkulu wa pa esiteti, anafika pakhonde pake.

"Achimwene, ndabwera ndekha kuti musamvere kwa ena," anatero a Pilato. "Nyumba ya kampani ndi ya munthu wa pantchito. Abwana akuti mwezi ukatha mupereke makiyi."

"Ndipite kuti, bambo? Mkazi wanga, mayi a Rosie, si ali pantchito?"

"Amathyola dzinja lokha, ndipo waganyu sapatsidwa nyumba." A Pilato anatsitsa mawu. "Chichokereni inu timu yagonja kasanu, abwana manyazi awagwira. Pa 21 tikusewera ndi a ku Chonde pa Boma, ndipo iwo adzaonera. Mutati muwakonze anyamatawa, mwina. Koma ine sindinanene kanthu."

Morton anachita mantha, mantha enieni, a munthu wa ana atatu wopanda kolowera. Mawa lake anatsikira pabwalo ndi ndodo yake n'kuyamba kuphunzitsa chokhacho chimene ankadziwa, njomba. Zinangoipiraipira. Mnyamata aliyense ankafuna kukhala Morton, onse pampira umodzi ngati nkhuku pa madeya.

Tsiku lachinayi Janeti anabwera kuchokera kumunda atanyowa, natula dengu, n'kukhala pakhonde kuonerera. Mwamuna wake atafika anamufunsa.

"Bambo a Rosie, kodi mpirawu amasewera chonchi?"

"Inu mukudziwapo chiyani za mpira?"

"Palibe. Koma ife titati tizithyola chonchi, tonse kuunjikana pa tsinde limodzi munda wonse uli pululu, kapitao angatithamangitse tsiku lomwelo. Kumunda aliyense ali ndi mzere wake. Wa mnzako suulowa, ngakhale masamba ake akome bwanji."

Morton anapsa mtima. Iye, winga wotchuka mpaka ku Muloza, kuphunzitsidwa ndi munthu woti mpira amauona ngati dzungu. Anamuyankha mwachipongwe, madzulo amenewo sanalankhulanenso.

Koma m'mawa ali pakhonde anaona othyola tiyi akukwera phiri, aliyense pamzere wake, onse pamodzi, osasiya tsinde ngakhale limodzi. Ankaziona kuyambira ali khanda, koma anali asanaziyang'anepo. Anakabwereka zingwe zobzalira tiyi ndi zikhomo, n'kulidula bwalo m'litali mizere isanu.

Anyamatawo onse anali othyola tiyi, ndiye panalibe zofotokoza zambiri. Wodumpha chingwe ankazungulira bwalo kawiri. Anang'ung'udza, ena mpaka kumutukwana chamumtima, koma pakutha pa sabata mpira unayamba kuyenda wokha kuchoka mzere uwu kupita mzere uwo, anthu osatopa.

Tsiku la masewero anakwera thirakitala ya kampani kupita pa Boma. Janeti anakana kupita, akuti ali ndi zochita. Pageti anyamata a chipani anaona makhadi, anthu analowa, mvula n'kuyamba kuwaza. A ku Chonde anachinya msanga. Pomwepo anyamata a Morton anabalalika mitu, n'kuyambanso kuthamangira mpira onse. Morton anakuwa mpaka mawu anasasa, osamveka. Amene anamupulumutsa ndi amayi othyola tiyi amene anadzaza mbali imodzi ya bwalo. Iwo anazindikira vutolo msanga kuposa abambo, ndipo anayamba kuimba ngati ali kumunda: "Mzere wako! Mzere wako!"

Anyamata anabwerera m'malo mwawo. Anabweza chigolicho asanakapume, ndipo chachiwiri chinalowa kutatsala pang'ono kuti oyimbira athetse masewero.

Morton anaona abwana akulankhula ndi a Pilato, akuloza kumene iye anaima. A Pilato anabwera mosafulumira, ngati munthu wopanda nkhani.

"Makiyi aja sungani," anatero. "Lolemba mubwere ku ofesi. Mwalembedwa ngati mphunzitsi wa timu."

Thirakitala itaima pa esiteti, Morton sanadikire nyimbo za anzake. Anatsimphina molunjika kunyumba, akukonza mumtima mawu opepesa ndi othokoza. Pakhonde panalibe munthu. Anamupeza Janeti kuseri, manja ali matope okhaokha, akutsendera dothi pa mphukira zitatu za nthochi.

"Mwabzala liti zimenezi?" anafunsa Morton.

"M'mawa, mutangonyamuka."

"Musanamve zotsatira? Nanga tikanagonja?"

Janeti anapukuta manja pachitenje. "Nthochi imabereka pakatha chaka, bambo a Rosie. Ine sindibzalira alendo."

Mawu onse amene anakonza m'njira anamuthawa. Anakhala pansi pamatope pomwepo, mwendo wouma uja uli tambalale, misozi ikutsika osaibisa.

"Zikomo, mayi a Rosie," anatero. "Zikomo kwambiri."

Janeti anamupatsa khasu kuti agwire, n'kupita kukatenga mphukira yachinayi.