Keliyala ya Njinga ya Tione

Mukafika ku Kawale n'kufunsa za a Maxon Zalengera, anthu ayamba ayang'anana kaye. Koma mukati "a Maxon a makeliyala," ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani kuseri kwa msika, pansi pa malata anayi pomwe pamathetheka moto wa owotcherera. Amenewo ndi alamu anga, amuna a achemwali anga. Ine ndine Lydia, ndipo ndineneretu kuti pa nkhani iyi nanenso manja anga si oyera.

A Maxon anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kudzaphunzira kuwotcherera pa galaja ina ku Biwi. Ataona kuti mageti ndi mawindo aliyense akupanga, anasankha chinthu chimodzi basi: keliyala, chitsulo cha kumbuyo kwa njinga chokhalapo munthu kapena katundu. Zaka makumi atatu tsopano akupanga zomwezo. Akabaza a ku Kawale mpaka Area 23 amawadziwa, ndipo ogulitsa makala amalolera kupalasa kuchokera ku Chinsapo kuti keliyala yawo ikhale ya a Maxon. Eni ake amadzitama kuti keliyala yawo sinathyokepo, chimayamba kuthyoka ndi njinga. Ndi munthu wabwino, samwa, sakongola, Lamulungu sajomba kutchalitchi. Koma makutu alibe. Ukamalankhula amangogwedeza mutu, maso ali pa chitsulo.

Mwana wawo wachitatu, Tione, amakhala ndi ine ku Area 25 chifukwa amagwira ntchito pa famase ina kufupi ndi kwathu. Zaka zinayi zapitazo analowa gulu la achinyamata opalasa njinga m'mapiri. Tsiku lomwe anawauza bambo ake ndinalipo.

"Ndiye kuphiriko mumakatenga chiyani?" anafunsa a Maxon.

"Palibe, Adadi. Timangopalasa."

"Kupita wopanda kanthu, kubwerako wopanda kanthu. Imeneyo ndi misala ya anthu okhuta."

Chiyambire tsiku limenelo Tione sanatchulenso njinga pamaso pa bambo ake. Anagula yake kwa dokotala wina amene ankabwerera kwawo, chinjinga cha matayala onenepa, magiya ambirimbiri, cholemera makilogalamu 16. Pakati pake pali sipuling'i yomwe imapangitsa tayala lakumbuyo kumakwera n'kutsika ikamadutsa pamiyala. Amaigoneka m'chipinda chake, ndipo ine ndikangoyanikapo thaulo ndimamva mawu.

Chaka chino mpikisano unali Loweruka ku mapiri a ku Dedza, ndipo atsikana atatu oyambirira amayenera kudzapita kukapikisana kunja kwa dziko. Tione anaukonzekera miyezi isanu ndi umodzi. Vuto linali mayendedwe. Pikapu ya mnzake imene ankakwera zaka zam'mbuyomu inali itagulitsidwa, ndiye panatsala kagalimoto kanga ka Sienta. Njingayo imalowamo pokhapokha uchotse tayala, upinde mipando, ndipo ukatero zigubu za madzi ndi anthu alibe pokhala.

Ndiye Lamulungu masana ine ndi Tione tinakhala pakhonde n'kumaona zithunzi pa foni za zitsulo zonyamulira njinga pa galimoto. Keliyala ya padenga ndinaikana ndine. Ine ndine wamfupi, Tione naye si wamtali, ndani azikweza chinjinga chimenecho pamwamba pa mutu? Ya malamba yokoleka pachitseko cha kumbuyo anaikana yekha, akuti njinga yolemera chonchi, ndi maenje a misewu yathuyi, chitseko chipindika tisanafike pa Nathenje. Inatsala yomangirira ku chitsulo cha pansi kumbuyo kwa galimoto, yokhala ndi ngalande ziwiri zoikamo matayala, njinga n'kumangoima ngati ili pansi. Imeneyo ndiyo inali yabwino. Koma mu Lilongwe muno tinaisowa, ndipo kuitanitsa kunja ikanafika mpikisano utatha.

"Iwe, bambo ako si owotcherera?" ndinatero.

Tione anandibwezera foni. "Mukawauze ndinu, Anti."

Koma madzulo ake ndinamuona akutsuka njingayo mpaka ndi mswachi, ndipo ndinadziwa kuti mumtima akufuna bambo ake aione.

Lolemba m'mawa ndinaipakira njingayo kupita nayo ku Kawale kuti a Maxon akayeze matayala ndi kutalika kwake. Ndinali pa liwiro, ndimathamangira maliro a mnzanga wa kumpingo ku Kaliyeka. Ndinaitsitsa, injini ili chilirire.

"Alamu, Tione akufuna keliyala ya njinga. Yolimba, chifukwa njingayi ndi yolemera."

A Maxon anazimitsa makina. Sindinawaonepo akuzimitsa makina chifukwa cha munthu. "Tione? Wanena yekha?"

"Yekha. Ikufunika Lachinayi."

"Yonyamula makilo angati?"

"Ngakhale makumi awiri."

Anaseka. "Makumi awiri? Alamu, mukundinyoza."

Chithunzi chinali mu foni, foni inali m'chikwama, chikwama chinali pampando. Sindinachitulutse. Ndinati keliyala ya njinga ndi keliyala ya njinga, munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito ungamuphunzitse chiyani? Ndinaliza galimoto n'kumapita.

Lachinayi masana ndinapita ndi Tione, galimoto titaitsuka kuti akamangirire chitsulocho. Tinapeza akabaza anayi ataima pa shedi, akuyamikira chinthu chofundidwa ndi chitenje. A Maxon anali atavala shati yoyera. Anatipatsa moni, kenako anachotsa chitenjecho.

Ine ndinangogwira pakamwa.

Kumbuyo kwa njinga ya Tione kunali keliyala. Keliyala yeniyeni ya kabaza, ya zitsulo zonenepa ngati chala chachikulu, yopaka penti yofiira. Pamwamba pake khushoni ya mphonje zachikasu. M'munsi zopondera ziwiri za pasenjala. Kutsogolo kwa khushoni kachitsulo kogwirira. Ndipo kumbuyo kwenikweni kachidutswa ka lata kolembedwa ndi penti yoyera kuti TIONE.

Tione anangogwada n'kuyamba kuyendetsa chala pa felemu.

"Felemuyi ndi ya aluminiyamu, siigwira moto wathuwu," a Maxon anayamba kufotokoza, nkhope ili ngwee. "Ndiye ndaboola malo asanu ndi limodzi n'kumanga ndi mabawuti. Komanso anakubera amene anakugulitsayo, mwana wanga. Njingayi inali yothyoka pakati, imangogwedera. Ndaimanga ndi zitsulo ziwiri, pano siikusunthanso."

Anali atamanga sipuling'i ija. Chinthu chimene chinapangitsa mwanayo kuyenda wapansi chaka chonse kuti agule njinga imeneyi, iwo anachiona ngati chilema n'kuchichiza.

"Taiyesa kale," anawonjeza mmodzi wa akabazawo. "Matumba awiri a simenti, mpaka ku Biwi n'kubwerako. Ndi bulu ameneyu."

Chala cha Tione chinaima. Pafupi ndi bowo limodzi, pa kachitsulo kopyapyala kopita ku tayala lakumbuyo, panali mng'alu wotalika ngati chikhadabo. Mbali inayo kunali wina.

Apa ine ndinaphulika. Ndinawakalipira alamu anga pamaso pa makasitomala awo, zimene sindinachitepo. Ndinati ya pagalimoto, alamu, ya pagalimoto! Yonyamulira njingayo! Ndinatulutsa foni ija, mochedwa masiku atatu, n'kuwaika chithunzi pamphuno. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Njinga kukwera galimoto?" anafunsa motsitsa mawu. Sankatsutsa ayi. Zinali zoti m'mutu mwawo sizinalowemo chibadwire. "Nanga inu munati keliyala ya njinga."

Sananame, ndi mmenedi ndinanenera.

"Tingochotsa," anatero a Maxon, akutola sipanala. "Mabowowo nditseka."

"Musaigwirenso, Adadi." Tione anaimirira n'kudzisasa m'maondo. Sanalire, sanakweze mawu. "Felemu yang'aluka. Ndikatsika nayo phiri ithyokera pansi panga." Anakalowa m'galimoto n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Akabaza aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi pasenjala.

Lachisanu lonse Tione anakhalira kuimba mafoni. Njinga zoterezi mu mzinda muno n'zowerengeka, ndipo eni ake onse anali mu mpikisano womwewo. A Gordon, mkulu wa gulu lawo, anapeza imodzi, koma inali ya mwamuna wamtali moti Tione atakhala pachishalo mapazi sankafika bwino pa mapedulo, mabuleki akenso anali otha. Pofika madzulo anasiya kuimba. Anandiuza kuti apitabe, akathandize kugawa madzi kwa anzake. Ine mtima unandiwawa kuposa akanati andilalatire.

Tsiku lomwelo a Maxon anali atanditumizira uthenga kuti ndiwasiyire galimoto. Ndinawasiyira mokwiya, osawapatsa n'komwe moni. Pokaitenga ndinapeza kumbuyo kuli chitsulo chija cha pa chithunzi, ngalande zake ziwiri, chogwirira felemu atachikulunga ndi labala kuti chisakande penti. Anangochiona kamodzi pa foni, koma anachipanga bwino kuposa cha pa chithunzicho. Zinandipsetsa mtima kwambiri. Luso lonseli, munthu n'kulephera kufunsa funso limodzi.

Loweruka m'mawa tikutuluka pa geti tinawapeza ataima panja, atavala jekete la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Anali atakwera minibasi yoyamba kuchokera ku Kawale.

"Ndingapite nawo?" anafunsa Tione, osati ine.

"Malo alipo," anayankha akuyang'ana kutsogolo.

Tinanyamula njinga ya mtsikana wina, Salama, pa chitsulo chatsopanocho. Ulendo wonse mpaka ku Dedza sinagwedere n'kamodzi komwe.

Kumeneko tinapeza anthu ambiri kuposa mmene a Maxon ankaganizira. Magalimoto, matenti, ana a m'midzi yozungulira atakwera pamiyala. Iwo ankangoyenda pambuyo panga, akuyang'ana njinga iliyonse kumbuyo, ndipo panalibe ngakhale imodzi ya keliyala. Tione anapita pa tebulo la madzi n'kuyamba kudzaza makapu.

Nthawi ya atsikana itakwana, bambo wina wa chimkuzamawu anayamba kuitana maina kuti aime pa mzere. Anati malo apatsogolo pakati ndi a amene anapambana chaka chatha.

"Tione Zalengera."

Anthu anaomba m'manja, ena akuimba likhweru. Pa mzere sipanabwere munthu.

A Maxon ananditembenukira. "Alamu, chaka chatha anapambana?"

"Zaka ziwiri zotsatizana."

"Onsewa?"

"Onsewa."

"Nanga bwanji palibe anandiuza?"

"Munafunsapo?" Ndinayankha mwaukali, ndipo sindikupepesa.

"Tione Zalengera," anabwereza wa chimkuzamawu uja, akuunguza uku ndi uku. Atsikana enawo anali atasiya mpata pakati pawo, wokwana njinga imodzi.

Ndinangoona alamu anga akudutsa pansi pa chingwe chotchingira anthu. Munthu amene ngakhale pa ukwati wa mwana wake woyamba anakana kulankhula, anayenda pabwalo ponse anthu akumuyang'ana, mpaka anakaima pamaso pa bamboyo. Chimkuzamawu chinali chosazimitsa, ndiye tonse tinamva.

"Pepani, bambo. Mwanayo alipo, ali apo pa madzipo. Sakudwala, sanachite mantha. Njinga yake ndaononga ndine, bambo ake. Sindinkadziwa kuti ndi ya chiyani."

Wa chimkuzamawu uja anayang'ana pepala lake, n'kuyang'ana a Maxon, n'kuyang'ananso pepala. Kenako anaitana dzina lotsatira, ndipo atsikana aja anasunthirana n'kutseka mpata uja.

Likhweru litalira onse ananyamuka, fumbi n'kutsala. A Maxon anaimabe pomwepo mpaka munthu wina anawagwira pamkono kuwachotsa panjira. Ndinayang'ana ku tebulo la madzi. Tione anali akuthirabe m'kapu imene inali itadzaza kale, madzi akuyenderera pa tebulo n'kumagwera pa nsapato zake zopalasira, zimene anali atavala ngakhale ankadziwa kuti sapalasa.