Tsiku lomwe ndinakonzera mlendo phanga

Kuseri kwa mabwinja a mtundu wakale wa Amaya, ku Mexico uko, kuli kamudzi ka nyumba zaudzu zowerengeka. Mwana wanga Esnati ananditengera kumeneko pothawa chisanu cha ku Scarborough, kunja kuno komwe tikukhala. Nkhukundembo zikuyendayenda pabwalo, chimanga chili pamoto, ana akugulitsa timiyala tosema. Titakwera ku mabwinjawo ndinangokhudza khoma lojambulidwa ndi chala chimodzi, mlonda n'kuliza wezulo ngati ndaba nkhuku. Ndinachotsa dzanja msanga, pakuti mlandu wamtundu umenewu ndinaulawapo kale.

Kwathu ku Dedza, kumtunda kwa mudzi, kunali phanga lomwe tinkausamo mvula tikamaweta mbuzi. Munkanunkha mileme ndi utsi wakale. Pathanthwe pake panali zojambula za anthu amakedzana: mizere, timadontho, ndi kanthu kofanana ndi buluzi, zonse zofiira koma zofwifwa.

Ndili Sitandade 3, aphunzitsi athu a Phiri analengeza kuti kukubwera mzungu wochokera ku Zomba kudzatola zithunzi za zojambulazo. Anasankha ine kuti ndikakonzemo, n'kunenetsa kuti ndikangowachititsa manyazi, sukulu ndiiwale. Tsono kwathu mlendo akamabwera sitimangosesa ayi. Timazira pansi, khoma n'kulipaka dothi latsopano. Ndinatapa katondo wa amayi mwakabisira n'kumusungunula m'phale. Buluzi uja ndinamudzutsa bwinobwino, mizere yokhotayo ndinaiwongola, ndipo poona kuti malo atsala ndinawonjezerapo njinga.

Mzungu atalowa anangokhala pansi, chipewa m'manja, maso ali pa njinga ija. Ine ndinkati wagoma nayo ntchito.

"Iwe Yohane, njinga iyi anajambula ndi makolo?" anafunsa a Phiri.

"Ayi aphunzitsi. Iwowo anaiwala."

Bambo anga anayesa kundiikira kumbuyo, amvekere, "Mwana wakonzera mlendo, walakwa pati?" Koma a Phiri anali munthu wosabweza mawu. Sukulu yanga inathera pomwepo, mawa lake ndinali kumbuyo kwa mbuzi.

Masiku ano mdzukulu wanga akalembalemba khoma la nyumba ya lendi inoyi ndi makirayoni, amake samudzudzula n'komwe. Amatulutsa foni, kujambula, n'kutumiza kumudzi, ati mwana ali ndi luso. Ine ndimangoonerera ndili pampando wanga. Ndinangofulumira kubadwa basi.