Botolo la Azakhali

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikugulitsa nthochi m'mbali mwa msewu ku Chinyunyu. Galimoto inaima, munatuluka mayi wina n'kufunsa amene amalima udzu wonunkhira mandimu, uja timathira mu tiyi. Anzanga anangoyang'anizana. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinati kwathu wadzaza kuseri kwa bafa. Mayiyo anali ba Sakala, ofufuza za mankhwala a zitsamba ochokera ku Lusaka, ndipo Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito.

Udzuwo tinkaumweta ndi chikwakwa mame atangouma, n'kuuyanika pamthunzi. Padzuwa ngati mfutso ayi, mafuta ake amathawa. Tikaupima pasikelo tinkaudula n'kuutsendera mumphika waukulu wachitsulo wokhala ndi madzi, pansi n'kusonkha moto. Nthunzi inkadutsa mupaipi yomizidwa mumgolo wa madzi ozizira, kumapeto n'kumadontha madzi, mafuta atayandama pamwamba. Mtolo wonse uja, koma mafuta osadzaza n'komwe supuni ziwiri! Ndinkawakoka ndi sirinji, kuthira m'timabotolo takuda, n'kulembapo tsiku. Ba Sakala ankawasakaniza ndi madzi ndi kamankhwala kogwirizanitsa ziwirizi, n'kuika m'kamakina kolira ngati udzudzu. Kamakinako kankaswa mafutawo kukhala timadontho tosaoneka ndi maso. Anandiuza kuti timadontho totere timalowerera msanga, ndipo ku labu amayesa ngati tingaphe mabakiteriya ndi maselo a khansa osungidwa m'timbale tagalasi.

Ine pa zonsezo ndinatolapo liwu limodzi, khansa. Ndinanyada osati masewera. Kutchalitchi, kuchigayo, kumjigo, aliyense ndinamuuza kuti tikupanga mankhwala a khansa.

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anali ndi chotupa m'bere. Ku kiliniki anawapatsa kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Lusaka, tsiku lake Lachinayi. Lachitatu m'mawa ndinawapeza atakhala panja pa shedi imene tinkagwiriramo ntchito, m'manja muli botolo lotsukidwa bwino. Anati ku Lusaka sapitanso, akuopa mpeni.

"Mwana wa mlongo wanga akuphika mankhwala pompano, ine ndikavutikirenji kumeneko? Ndithirireko, Misozi."

Ndinachita mantha. Ba Sakala anamva zonse, koma sanandikalipire. Anandiitanira pambali.

"Chimene chafa m'mbale sichinafe m'thupi la munthu. Sitinayese pa munthu ngakhale mmodzi. Wamanga ndiwe, kamasule wekha."

Ndinagwada pamaso pa azakhali, azimayi odzagulitsa udzu akuonerera, n'kuvomera kuti ndinakokomeza nkhani. Ndinati ine ntchito yanga ndi kumweta ndi kulemba mabotolo basi, mankhwala a khansa pano palibe. Anakwiya zedi. Anati ndikuwamana, tikusungira olemera a m'tauni, ndipo anandikumbutsa kuti msana umene unandibereka ndi wawo. Manyazi anandigwira, misozi inalengeza, koma sindinasunthe. Ndinawauza kuti angadane nane mmene angafunire, koma mawa ndiwaperekeza ndekha, ndipo akakana ndikhala pakhomo pawo mpaka atope nane. Ananyamuka osatsanzika, botolo analisiya pansi.

Lachinayi m'mawa ndinawapeza ali kale kumsewu, atavala chitenje chatsopano, kalata ataipisa m'Baibulo. Njira yonse m'minibasi sanandilankhule, ngakhale nthochi imene ndinawapatsa anaibweza.

Bere lija analichotsa. Azakhali alipo, chaka chino alima mtedza, ndipo akafuna kundiseka amanditcha adokotala.

Ntchitoyi tsopano ndimaidziwa, mafuta abwino ndimawazindikira ndi mphuno yokha. Ndikukhulupirira kuti timadontho tija tidzathandiza anthu tsiku lina, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma munthu akandifunsa ngati tikuchiza, ndimamuyankha kuti tikuyesa, iye apite kuchipatala. Botolo la azakhali lidakali pashelefu m'shedi muja, lopanda kanthu. Aliyense woyamba ntchito ndimamuonetsa limenelo asanagwire chikwakwa.