Tsiku limene ndinatola mpira wa amalume

Kunyumba kwathu ku Lewisham amayi anali ndi lamulo limodzi losakambirana: munthu wamkulu asawerame mwana ali chiimire. Bambo akagwetsa makiyi, iwe dumpha. Mlendo wa kutchalitchi akagwetsa mpango, tola, upereke ndi manja awiri. Ndinabwera ku London ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndale zitavuta kwathu, ndipo zambiri za kumudzi ndinaziiwala. Koma ili lokha linandilowa m'mafupa, chifukwa amayi ankaliphunzitsa ndi mbama.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinathyola mphuno ya mnyamata wina amene ankalira ngati nyani ndikamadutsa, basi nkhani ya sukulu inathera pomwepo. Ndinayamba ntchito yomata matayala pagalaja, ndipo nakonso ndinkangokhalira kukangana ndi makasitomala. Mtima wanga unali wapachala. Tsiku lina amayi anauza mlongo wawo kuti, "Achimwene, muzimutenga uyu Loweruka, asanatimangitse."

Amalumewo ankagwira ntchito yokankha odwala pachipatala. Gofu anaiphunzira ali mwana ku Limbe, akunyamulira azungu zikwama, madzulo n'kumayeserera ndi ndodo yosema okha ya mtengo wa gwafa. Ku London ankasewera pabwalo la khonsolo, pamene aliyense amaloledwa, ine nditawanyamulira chikwama. Msana wawo unali utatha ndi kunyamula odwala, choncho zowerama zonse zinali zanga. Mpira ukalowa m'dzenje, ndinkautulutsa ndine. Ukaima pafupi, mwina chikhatho chimodzi, iwo ankangoti, "Walowa ameneyo," ine n'kutola. Tinachita zimenezi zaka zitatu, Loweruka lililonse.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 amalume analembetsa mpikisano wa dziko lonse wa anthu osewera gofu osalipidwa, wa akuluakulu okhaokha, osati anyamata a ku koleji amene amamenya mpira ngati akwiya nawo. Kuti munthu akafike kumpikisano weniweniwo ankayamba wapambana pa tsiku losankha, ndipo ife anatipatsa bwalo lina kupitirira Romford. Adokotala anali atawauza kale kuti chaka chimenecho chikhale chomaliza kusewera gofu.

"Sindikufuna chikho, mphwanga," anandiuza m'sitima. "Ndikufuna dzina langa aliitane kamodzi kokha pakati pa anthu amenewo. Ndiye lero pakamwa pako ndi manja ako uziike m'thumba. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Pageti pomwepo mlonda anatilozera khomo la kukhitchini, poganiza kuti tabwera kudzatsuka mbale. Magazi anandikwera kumutu, koma amalume anangotulutsa kalata yawo n'kumwetulira. Mlondayo anatilola kulowa.

Anatiphatikiza ndi mzungu wina wamtali, wa ndevu zofiirira za pamlomo, amene ankagwira ntchito yozula mano. Pampikisano wotere aliyense amalemba pakhadi mashoti a mnzake, kutanthauza maulendo amene wamenya mpira, ndipo wochepa mashoti ndiye wapambana. Ndiye khadi ya amalume inali m'thumba mwa iyeyu. Sankalankhula. Amalume akamenya bwino ankangogwedeza mutu pang'ono n'kulemba. Ndinamuda tisanamalize n'komwe dzenje loyamba.

Amalume anasewera ngati munthu amene akupemphera. Osathamanga, osayang'ana kumbali. Pofika dzenje lachisanu ndi chinayi zinthu zinali bwino ndithu, kungoti msana unali utayamba. Ndinkawaona akuluma mlomo akamatsika chitunda. Pa kapinga wosalala wa pafupi ndi dzenje anaugunda mpira kuchokera patali, unayenda, unayenda, n'kuima chikhatho chimodzi usanalowe. Iwo anagwira m'chiuno n'kubuula.

Sindinaganize chilichonse. Miyendo inapita yokha. Ndinawerama, ndinatola mpirawo, ndinaupukuta pa thalauza, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Imani kaye," anatero wozula mano uja m'Chingerezi. Aka kanali koyamba kumva mawu ake bwinobwino. "Musachoke pano. Mnyamata wanu watola mpira usanalowe."

Ndinaponya chikwama pansi, ndodo zonse kuti khwechere. "Ukuti chiyani? Ukuti taba? Mpira umenewo ngakhale mwana akanaulowetsa ndi mphuno! Kapena chikukuwawa n'choti munthu wakuda akukuposa?"

Ndinali nditamufika pachifuwa, chibakera chili chokonzeka. Iye anafiira mpaka m'makutu koma sanasunthe. Kenako ndinamva dzanja la amalume pamkono panga, dzanja lija lozolowera kunyamula anthu olemera. Anandifinya mpaka zala zinatambasuka zokha.

"Iwe," anatero m'Chichewa, motsitsa mawu, "ukangomukhudza, achotsa ine, osati iwe. Iwe ubwerera kumatayala ako. Ine ndibwerera kuti?"

"Koma amalume, akutinyoza."

"Watola kapena sunatole?"

"Ndatola, koma nthawi zonse..."

"Nthawi zonse timakhala awiri. Bwerera kumbuyo."

Mzungu uja analoza ndi nsonga ya ndodo yake pamalo pamene mpira unaima. Lamulo linali loti ubwezedwe pomwepo, ndipo amalume awonjezeredwe shoti imodzi ya chilango. Ndinatambasula dzanja kuti ndiubweze ndine, koma amalume anakana.

"Ndiwerama ndekha. Iwe uziyang'ana."

Ndipo ndinayang'anadi. Munthu wa imvi, mlongo wa amayi anga, akutsika pang'onopang'ono atatsamira ndodo, bondo limodzi pansi, thukuta likudontha pamphuno, ine mnyamata wamphumphu ndili chiimire ngati mtengo. Mbama zonse za amayi sizinawawe ngati zimenezo. Anaugunda mpira, unalowa, anaweramanso kuutulutsa.

Popita ku dzenje lotsatira anandiuza chimene sindinkadziwa. "Ine ndemwe mutu unali pa msana, ndinali nditayamba kale kuchoka. Tikanangomenya mpira pa dzenje linalo tisanamalize lija, akanandichotsa mumpikisano. Munthu woipa mtima akanakhala chete, n'kukanena kumapeto. Uyu watiimitsa nthawi ilipo. Ndiye amene umafuna kumuthyola mano ndi ameneyo, komanso mano ake amadziwa kukonza yekha."

Sindinaseke. Maenje asanu ndi anayi otsalawo ndinayenda nditagwira lamba wa chikwama ndi manja onse awiri, kuopa kuti angachitenso zawozawo. Mpira ukalowa, amalume ankandiyang'ana kaye n'kunena kuti, "Tsopano," ndiye ndinkatola.

Titamaliza tinakaima pa bolodi lalikulu pafupi ndi nyumba ya kalabu, pamene mayi wina ankalemba mayina ndi mashoti. Panali mzere wofiira: a pamwamba apita kumpikisano wa dziko lonse, a pansi azipita kwawo. Dzina la amalume linali lomaliza pamwamba pa mzerewo. Ndinawerenga kawiri, katatu. Pakanapanda shoti yanga ija, akanakhala pabwino, palibe akanawagwedeza. Koma tsopano kunali kutatsala gulu limodzi m'bwalo, ndipo anthu ankanong'onezana kuti mmodzi mwa iwo akusewera bwino, akhoza kuwakankhira pansi.

Amalume anakhala pa benchi n'kutsegula fulasiki ya tiyi ngati palibe chikuchitika. Ine ndinalephera kukhala. Ndinazungulira pamalo oimika magalimoto, ndinabwerera, ndinazunguliranso. Ndinkangoona nkhope ya amayi akumva kuti mlongo wawo wataya mwayi wake womaliza chifukwa cha manja anga. 

Gulu lija linafika dzuwa litapendeka. Mayi uja analandira makhadi, anawerenga ndi pensulo, anawerenganso, kenako anakwera pa kampando kake. Analemba dzina loyamba pansi pa mzere. Lachiwiri, la munthu amene tinkamuopa uja, anaima kaye kufuna choko china. Ndinatseka maso. Nditatsegula, linali loyamba kunsi kwa mzere, shoti imodzi kumbuyo kwa amalume.

Ndinapezeka nditakhala pa udzu, ndikupuma ngati ndathamanga kuchokera ku Lewisham. Amalume anatseka fulasiki yawo bwinobwino.

"Dzuka, ukuchititsa manyazi thalauza. Pali ntchito yatsala." Analoza ndi chibwano kumene wozula mano uja ankalongedza ndodo m'galimoto. Iye dzina lake linali pansi pa mzere, patali ndithu.

Chibadwire ndinali ndisanapepesepo mzungu. Ndinapita, ndinavula chipewa, ndinamupatsa dzanja, linalo litagwira pachigongono monga timachitira kwa akulu. Anayang'ana chigongonocho modabwa, kenako anati, "Bambo ako amasewera bwino kwambiri. Kumene mukupitako ukawanyamulire chikwama chokha." Sindinamukonze zoti si bambo anga.

Kunyumba amalume anafotokoza zonse, osasiya ngakhale za chibakera. Ndinadikira mbama, ngakhale ndinali nditawapitirira kale msinkhu amayi. Koma amayiwo anangoti, "Ndiye masewera anji amenewo, oti munthu wamkulu azigwada mwana akuonerera? Azungu sanaleredwe." Amalume anaseka mpaka anagwira msana.

Patapita milungu ingapo tinapita kumpikisano wa dziko lonse. Amalume sanafike patali, msana unakana pa tsiku lachiwiri. Koma m'mawa wa tsiku loyamba bambo wina wa jekete anaitana dzina lawo anthu onse akumva, analitchula molakwika, ndipo amalume anakweza chipewa. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi chikwama, manja onse awiri ali m'thumba.