Foni yokiya ya a Kamanga

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi, atachonderera a Mlauzi potuluka m'tchalitchi ku Mandava. Chinali chaka chija m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha. A Mlauzi anali ndi kashopu kokonza mafoni, ndipo anandiyambitsa ndi sikuludiraiva ya nyenyezi, kaburashi ndi sipiriti wotsukira.

Tinkaikanso m'mafoni kapulogalamu kobisa mauthenga. Unkalumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe, n'kukalowetsa, kenako olemberana awiriwo ankasankha mawu achinsinsi amodzi. Uthenga unkayenda ngati zilembo zopanda mutu, moti wopanda mawuwo sakanauwerenga ngakhale atalanda foniyo.

A Kamanga ankagula golide mobisa kwa makorokoza, anthu okumba golide popanda chilolezo, a ku Shurugwi. Anali munthu wodzimva, woyankhula ngati tonse ndife ogontha. Ndinaika pulogalamuyo mufoni yawo ndi ya kapitawo wawo, n'kuwauza kuti malo okumanirana azichita kulemba mu pulogalamumo, osati kuimba foni. Anandiyang'ana ngati ndine ntchentche.

Tsiku lina masana analowa akutukwana. Apolisi anali atagwira anyamata awo pamalo enieni amene anapangana.

"Iwe mupfana, wandigulitsa," anatero. "Wina ndani anagwira foni iyi?"

Ndinaona kuti ntchito yanga ikupita. Ndinatsegula pulogalamu ija a Mlauzi akuona. Munalibe uthenga ngakhale umodzi, koma mndandanda wa manambala oimbidwa unali wodzaza. Kumigodi kwawoko netiweki inkapezeka pamwamba pa phiri pokha, pomwe aliyense ankakwera kukaimba: ogulitsa tomato, madiraiva, apolisi amene. Bwanawo ankaima pakati pa gulu lonselo n'kumakuwa malo ndi nthawi. Ati kudinadina mabatani ndi ntchito ya makalaliki.

"Si unati foni ndi yokiya?" anandifunsa, osachita ndi manyazi omwe.

Munthu wamkulu, wa ndevu zake, ankayesa kuti ndinamangira foniyo chithumwa chotseka makutu a anthu.

A Mlauzi anamvetsa zonse, koma petulo wa jenereta yathu ankabwera ndi a Kamanga. Anangoyang'ana pansi n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, ukayambe wapuma kunyumba." Sanandiitanenso, ndipo mpaka lero sindiwapatsa ulemu mumtima.

Pano ndili ndi shopu yanga. Munthu akafuna ndimukiyire foni, ndimayamba ndamusiya ayankhule. Mawu ake akamveka mpaka kumsewu, ndimamubwezera foni yake.