Tambala wa chinkhoswe ndi fyuzi za pa Lunzu

Tinanyamuka pa Chileka nayini koloko Loweruka m'mawa, anthu atatu m'kagalimoto kanga: ine, mphwanga Madalitso, mwana wa mlongo wanga wamkulu, amene timakamuchitira chinkhoswe ku Lirangwe, ndi alamu anga a Mponda, munthu amene sanavomerepo kuti pali chinthu chimene sachidziwa. Mwezi wathawo tinali titalephera kupita chifukwa cha maliro, uthenga n'kufika mochedwa akuchikazi ataphika kale. Atsibweni a mtsikanayo anandiuza pafoni mosapita m'mbali kuti twelofu ikakwana tisanafike, adziwa kuti tilibe nawo ntchito. Nkhoswe ndine, ndiye manyazi onsewo anali pamutu panga.

Katundu anapakira ndi alamu: khasu, nkhwangwa, ndi tambala wokapereka kuchikazi. Ine sindinayang'ane n'komwe ku buti.

Mpaka pa Kameza tinayenda bwino, kupatula maminibasi amene amangoima pakati pa msewu ngati pakhonde pa amayi awo. Hafu pasiti nayini tinaima pa Lunzu kuti tigule kireti ya zakumwa. Titabwerera ndinaliza injini, kuponda buleki kuti ndilowetse giya, koma giya inakana kusuntha. Galimoto zosasintha giya ndi dzanja zili choncho: buleki ikapanda kupereka chizindikiro, giya siichoka pamene unayisiya.

"Imeneyo ndi fyuzi, alamu," anatero a Mponda, akuvula jekete. Apa ananena zoona. Fyuzi ya magetsi a buleki inali itapsa. Anaika ina yosungira, ndinaponda buleki, n'kumva kuti thu. Anaika yachiwiri, thu. Ndiye anatola pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, n'kulipinda.

"Alamu, musaike zimenezo."

"Inu dekhani. Tinkachita zimenezi inu musanagule ndi njinga yomwe."

Ndinaponda buleki chifukwa cha ulemu wa chilamu, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo. Fungo la pulasitiki wopsa linadzaza m'galimoto. Ndinatuluka, kutsegula boneti, kuzula waya wa batire. Ndinapsa mtima kwambiri moti ndikanalankhula pamenepo, mlongo wanga wamng'ono, mkazi wawo, akanamva zina madzulo ake. Ndinangotsonya. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli timadya tonse.

Teni koloko inadutsa. Madalitso anali tsonga pa kireti, suti yake yobwereka itayamba kulowa fumbi. Foni yake inalira katatu osayankha.

"Atsibweni, ndiwauze chiyani?" anandifunsa motsitsa mawu.

Mayi wina wogulitsa mbatata yootcha, amene anaona zonse, anati, "Bambo, musavutike. Kuseri kwa msika kuli munthu wa mawaya. Tumani kabaza." Wakabaza anati sauzande imodzi kupita ndi kubwera, ndipo sindinanenerere.

Anabwera bambo wachikulire wa ovololo yong'ambika m'mawondo, m'manja muli kababu ka mawaya awiri ndi tepi yakuda. Anachotsa pepala la fodya lija, kuliyang'ana, n'kufunsa kuti waika ndani. A Mponda anali akuyang'ana minibasi yodutsa.

"Fyuzi si imene ikudwala, bwana," anatero bamboyo. "Iyo imafa dala kuti galimoto isapse. Ikupsa nthawi yanji?"

"Ndikaponda buleki."

"Ndiye shoti ili panjira yopita ku magetsi akumbuyo."

Anabwezera batire, n'kulumikiza kababu kaja pamalo pa fyuzi. Ndikaponda buleki kankawala kwambiri. Anati kuwala kotero ndiye kuti waya wakhudza chitsulo penapake, ndipo tikapapeza kuwalako kuchepa. Anatsata waya pansi pa chiwongolero, m'mbali mwa zitseko, akugwedeza pang'onopang'ono, kababu osasintha. Kenaka anatsegula buti.

Tambala uja anali atamangidwa mwendo ndi chingwe, ndipo chingwecho chinali chomangidwa ku mtolo wa mawaya pamene kapeti ya m'mbali inang'ambika. Kuyambira ku Chileka nkhuku inali ikukoka, waya akukhuzika pa mpendero wa chitsulo mpaka kusupuka. Pepala la alamu linangomalizitsa kusungunula.

"Munamangirira nkhuku ku mawaya?" ndinafunsa.

"Nanga ndikanamanga pati? Munkafuna ithawe?"

"Ithawire kuti m'buti yotseka, alamu?"

Bambo wa mawaya anamasula chingwe, kukweza waya, kababu n'kuzilala. Anadula popsapo, kulumikiza, kukulunga tepi, kuika fyuzi yatsopano. Giya inalowa bwinobwino nthawi ili kota tu twelofu.

Msewu wa Lunzu kukafika Lirangwe si wautali, koma tsiku limenelo kutsogolo kwathu kunali lole ya simenti yokwawa ngati ikupita kumaliro. Tambala anali pamiyendo pa a Mponda, ndipo atawaipitsira thalauza sindinawapepese.

Tinafika twelofu itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Amayi ena anali atayamba kupinda mphasa. Atsibweni a mtsikana anakhala pampando osadzuka, osatipatsa moni. Ine, mkulu wa mpingo wa imvi zanga, ndinagwada pafumbi anthu onse akuona, n'kufotokoza za fyuzi ndi nkhuku, manja anga akuda bii ali poyera. Atsibweniwo anandiyang'ana, kenaka anayang'ana thalauza la alamu.

"Bodza lotere munthu sangalipeke," anatero. "Yalaninso mphasazo."

Mwambo unayenda. Tinapereka tambala, iwo anatipatsa thadzi monga mwa mwambo, ndipo Madalitso anayamba kumwetulira. Chimene ndinaphunzira n'chakuti fyuzi ikapsa kawiri umaleka kuikakamiza, umafunsa chimene chikuipha. Za alamu sindinaphunzirepo chatsopano.

Pobwerera ndinaona alamu akulowera ku buti, thadzi kukhwapa, chingwe chija m'manja. Ndinamupatsa Madalitso makiyi kuti ayendetse, n'kulanda nkhukuyo. Ndinaifukata ndekha mpaka ku Chileka.