Wotchi ya M'khoma

Nyumba ya alendo imene ndinkagwirako ukalaliki ku Old Town inali kufupi ndi msika, ya zipinda zisanu ndi chimodzi basi. Inamangidwa Lilongwe isanalote n'komwe zodzakhala likulu. Makoma ake anali a njerwa zootcha, okhuthala moti munthu ankakhala pawindo ngati pampando. Zitseko zinali zazifupi, ndiye alendo aatali ankalowa mowerama, kupereka ulemu asakufuna.

Amene anaimanga, bambo awo a abwana anga, anaika wotchi yaikulu pofikira alendo, pamwamba penipeni, kugundana ndi siling'i. Sanaipachike ayi, anaimangira m'njerwa. Abwana, Msilamu wokalamba wosalankhulalankhula, ankakwera makwerero Lachisanu lililonse kukaipukusa ndi kiyi. Ndiyo inkawauza nthawi ya swala, mapemphero awo.

Tsono masiku amenewo chithunzi cha Pulezidenti chinkayenera kukhala pamwamba pa chilichonse pakhoma, kaya kalendala kaya wotchi. Chathu chinali m'munsi mwa wotchiyo, poti pamwamba pake panalibe malo ngakhale a buluzi. Tsiku lina tinamva kuti mkulu wa chipani wa dera lathu adzayendera mahotela Lolemba. Akapeza zotere nyumba itsekedwa, pamene ine ndinali ndi ana atatu ndi apongozi pakhomo.

"Abwana, wotchiyi tiigumule," ndinatero.

"Muyambe mwagumula ine."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Kodi chitsulo chimenechi chikanadyetsa ana anga? Pomaliza tinagwirizana zoibisa. Ndinawapempha chimodzi chokha, kuti Lachisanu limenelo asaipukuse, iime yokha. Anavomera ndi mutu. Loweruka kalipentala anakhomapo thabwa, tinapaka laimu khoma lonse, wotchi n'kuzimiririka.

Lolemba mkulu uja anafika, bambo wonenepa amene anakulira kuseri kwa msika komweko. Anayang'ana chithunzi chili chokhachokha pakhoma loyera mbee, nagwedeza mutu mokhutira. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Kenaka khoma linalira. Ngo! Ngo! Inali thwelofu koloko, ndiye inalira kakhumi ndi kawiri, mosapupuluma, pamutu penipeni pa Pulezidenti. Ndinayesa kuphimba ndi chifuwa, koma kutsokomola kwanga kunathera pa kachinayi. Abwana anangoti zyoli, akusisita ndevu, nkhalamba yabodza ija.

Mkuluyo anaima duu mpaka kulira komaliza. Ine m'maganizo ndinali nditayamba kale kumanga katundu wa kumudzi. Kenaka anapinda mkono wa jekete, nayang'ana wotchi yake, naikonza.

"Yangayi imatsalira," anatero. "Kale amayi ankandituma kudzasuzumira nthawi pawindo ili." Anatembenukira kwa ine. "Pakhoma panu sindikuonapo kanthu, akalaliki. Koma thabwalo lisamalimbe kwambiri. Lachisanu silichedwa."